Kwa inu eni kampani ya maulendo otchipa a ku Durban: tibwezereni ndalama zathu

Ndalemba poyera pano chifukwa mauthenga anga mwasiya kuyankha, pa WhatsApp mwandibuloka, ndipo ndemanga yomwe ndinaika pansi pa chithunzi chanu cha nyanja munaifufuta dzuwa lisanalowe. Dzina lanu ndalisunga kaye. Mukudzidziwa nokha, ndipo aliyense amene anakwera nafe akukudziwani.

Sabata ya Khirisimasi munamwaza malonda m'magulu a Amalawi a kuno ku Joni: ulendo wa ku Durban, R2 450 pamunthu, ana theka. Munati mtengowo ukuphatikiza basi yaikulu yonyamukira pa Park Station, kugona usiku utatu mu hotelo ya nyenyezi zitatu yoyang'anana ndi nyanja ku South Beach, chakudya cha m'mawa, ndi tikiti yolowera ku uShaka Marine World, malo oonera nsomba ndi osewerera m'madzi. Pamwamba penipeni munalemba ndi zilembo zofiira kuti kwatsala malo asanu ndi atatu okha. Mawa lake malo anali asanu ndi atatu omwewo, mkuja wake chimodzimodzi. Titafunsana ndi anzathu paulendo, zinapezeka kuti aliyense anauzidwa kuti ndi iye akutenga malo omaliza.

Ndikufuna mudziwe anthu amene munawadyera ndalama. Ife ndife amayi a chipereganyu cha ku Rosettenville ndi mabanja athu. Ambiri timagwira ntchito m'makomo mwa anthu, ena m'masaluni, amuna athu ali m'magalaja, kosamala maluwa ndi komanga nyumba. Tchuthi sitichidziwiratu ayi. Madamu amangokuuza pa 20 Disembala kuti banja likupita ku Cape Town, ukapume mpaka Januwale. Nthawi imeneyo mabasi a kumudzi adadzaza kale, ndipo tikiti ikapezeka mtengo wake ndi woboola m'thumba. Uwonjezere mizere ya pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Zobue, uwonjezere katundu, poti munthu sufika kumudzi chimanjamanja pa Khirisimasi. Ndiye tinati chaka chino kwathu sitipita, koma ana athu obadwira kuno, amene sanaonepo ngakhale nyanja ya ku Mangochi, akaoneko madzi. Mumadziwa bwino lomwe kuti anthu ngati ife timagula zinthu mochedwa osati mwa ulesi, koma chifukwa nthawi yathu ili m'manja mwa ena. Malonda anu munawakonzera anthu oterewo.

Ndalama munati tiike mu akaunti ya munthu, ati ya kampani ili ndi vuto kubanki. Risiti yanu ndi kachithunzi ka pa WhatsApp kopanda adiresi, kopanda nambala ya kampani, kopanda ngakhale dzina la hotelo. Nditafunsa dzinalo, achimwene anu oyankha foni, Mmalawi mnzathu wolankhula Chichewa cha kwathu chenicheni, anati: "Mayi, musadandaule, ife ndi abale anu, sitingakupusitseni kunja kuno." Dzina la hoteloyo anatitumizira titakwera kale galimoto. Banja langa lokha, akulu awiri ndi ana awiri, linalipira R7 350.

Pa 26 Disembala munati tikhale pa Park Station 8 koloko madzulo. Titafika munatisuntha, ati tidikire pa msewu kunja kwa siteshoni. Aliyense wodziwa dera limenelo usiku akudziwa tanthauzo loimika amayi ndi ana ndi zikwama pa msewu mdima utagwa. Basi yaikulu ija sinabwere. Cha pakati pa usiku kunatulukira maminibasi a Quantum awiri okoka ngolo, madalaivala ake atangolembedwa ganyu tsiku lomwelo, ndipo munangowapatsa ndalama ya mafuta. Msewu wa N3 uli ndi mageti olipira asanu: De Hoek, Wilge, Tugela, Mooi River ndi Mariannhill. Titafika pa geti loyamba dalaivala anatembenuka n'kunena kuti tisonkhe, apo ayi tigona pomwepo. Tinasonkha. Pa geti lililonse tinasonkha, kupita ndi pobwera.

Za dalaivala wathuyo sindimudandaula, nayenso munamuponda. Anatiuza yekha kuti wakhala pa chiwongolero chiyambire m'mawa. Potsika Van Reenen's Pass, nkhungu ili mbuu, mutu wake unayamba kugwera kutsogolo. Amayi a kumbuyo anayambitsa nyimbo za kwaya, mokweza, akuomba m'manja, ndipo bambo a kunyumba anakhala pambali pake n'kumamufunsa za mpira kuti asaodzere. Ana ankaganiza kuti tikusangalala ndi ulendo. Makilomita pafupifupi 570, usiku, dalaivala mmodzi wotopa, m'nyengo imene aliyense akudziwa mmene msewu umenewu umadzazira.

Tinafika ku Durban kutacha. Hoteloyo ilipodi, ndi yokongola, ndipo nyanja imaonekeradi pawindo. Chosowa ndi zipinda zathu. Mtsikana wolandira alendo anafufuza pa kompyuta maina athu onse, kenaka dzina la kampani yanu, ndipo anatitembenuzira sikirini kuti tione tokha. Munasungitsadi zipinda, inde, koma zochepa kuposa anthu amene munawagulitsa, ndipo dipoziti simunalipire. Anatifotokozera mmene zimayendera: hotelo imamusungira wa maulendo zipinda mpaka tsiku lomwe agwirizana, tsikulo likadutsa asanalipire, zipindazo amazibwezera pa msika. Zanu anazibwezera pa msika inu musanaponye n'komwe malonda aja pa Facebook. Kutanthauza kuti tsiku lomwe munkalandira R7 350 yanga, munalibe chipinda ngakhale chimodzi ku Durban, ndipo munkadziwa.

Chimene sindidzaiwala ndi mayi wina wachikulire wa m'gulu lathu, amene wakhala akuchapa ndi kusita m'nyumba za anthu kuno zaka zambirimbiri, ndipo aka kanali koyamba kuti adzilipirire yekha ulendo wongokasangalala. Anakhala pa chikwama chake m'mbali mwa msewu, atavula nsapato chifukwa mapazi anatupa, chitenje atafunda kumutu kuopa dzuwa. Pambali pake kamdzukulu kake katavala kale kachubu kosambira nako komwe anagula ku China Mall, kakufunsa kuti agogo tilowa nthawi yanji. Anthu ovala zosambira akudutsa n'kumatiyang'ana. Foni yanu ikungoitana.

Munayankha masana. Munatitumizira adiresi ya fulati ina, kutali ndi nyanja moti kupita kugombe kumafuna takisi. Zipinda ziwiri, matiresi pansi, chimbudzi chimodzi, madzi otentha kulibe, chitseko chotsekera ndi waya. Amuna ndi akazi a mabanja osiyana munafuna tigone malo amodzi, mpongozi ndi apongozi ake pabalaza limodzi. Inu ndinu Amalawi, mukudziwa kuti zimenezo kwathu sizichitika. Chakudya cha m'mawa chinali buledi ndi timapaketi ta tiyi zomwe mnyamata wina anasiya pakhomo tsiku loyamba, osabweranso. Matikiti a ku uShaka sitinawaone. Ana anakathera pa geti n'kumasuzumira, ndipo amene anali ndi kangachepe analowetsa ana awo ndi ndalama za sukulu za Januwale. Banja langa linachoka m'fulatimo n'kukapeza kaloji kodzilipirira tokha, marisiti ndili nawo.

Titabwerera ku Joni mayankho anu akhala atatu, ndipo ndiwayankha pano pomwe aliyense akuona.

Poyamba munati mahotela amadzaza mu Disembala, si vuto lanu. Zoti amadzaza tikudziwa tonse. Makampani omanga amatseka cha pakati pa mwezi, sukulu zatseka, Gauteng yonse imatsikira kunyanja. N'chifukwa chake malonda anu anali bodza kuyambira pachiyambi. Mitengo yotsika ya mphindi yomaliza iliko ndithu, sindikukana: chipinda chikagona chopanda munthu usiku umodzi ndalama imeneyo yapita, ndiye hotelo imalolera kutsitsa kusiyana n'kutaya zonse. Koma zimenezo zimachitika alendo akachepa, monga mu Meyi kapena mu Ogasiti, pakati pa sabata, ana ali kusukulu. Pakati pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano palibe hotelo ya m'mbali mwa nyanja ku Durban imene imasowa munthu. Ife ochapa ndi kusita tikhoza osadziwa zimenezi, koma inu ntchito yanu ndi imeneyi.

Kachiwiri munati malamulo a kampani yanu salola kubweza ndalama, ndipo mutipatsa vocha ya ulendo wa pa Isitala. Malamulo amenewo sitinawaonepo, sitinasainire paliponse. Ngakhale tikadasainira, dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act ya 2008, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2011, ndipo kapepala ka kampani sikangalipose. Gawo 47 la lamuloli likukamba nkhani ngati yathu yomweyi: wamalonda akalandira ndalama kapena kusungira munthu malo, kenaka n'kulephera kupereka chifukwa malo sakukwanira, ayenera kubweza ndalamazo ndi chiwongoladzanja, komanso kulipira zimene wogula wawononga chifukwa cha kulepherako. Mungathawire ponena kuti munatipatsa malo ena, koma lamulolo likunena za malo ofanana ndi amene munalonjeza. Matiresi apansi m'fulati yotsekera waya sangafanane ndi hotelo ya nyenyezi zitatu, ndipo nyenyezizo sizongodzilembera, amapereka ndi a Tourism Grading Council of South Africa akayendera malowo. Gawo 30 likuletsa kunyengerera anthu ndi malonda a chinthu chomwe ulibe pa mtengo womwe walengeza. Vocha yanuyo musunge. Munthu amene wakugwetsera m'dzenje sumupempha kuti akutsogolerenso.

Yankho lachitatu ndi limene landilembetsa kalatayi. Mnzathu wina atakuuzani kuti akadandaula kwa akuluakulu, achimwene anu aja anamufunsa pa voisi noti, mwaulemu kwambiri, kuti: "Kodi mayi, mapepala anu ali bwino?" Apa ndiye panaonekera maziko a bizinesi yanu yonse. Simunatsatse malonda anu kwa eni dziko, amene akadafika pa ofesi yanu mawa lake. Munatsatsa m'magulu a Amalawi okhaokha, m'Chichewa, ndi mawu akuti abale, chifukwa munawerengera kuti mlendo akaberedwa amangodandaulira m'nyumba. Mukudziwa kuti ena mwa ife amachita mantha akangoona yunifomu, kuti ena sangapemphe tsiku kuntchito kuti akaime pa mzere, kuti ambiri timangoti tisiyire Mulungu. Mantha amene tonse timakhala nawo kunja kuno, inu mwawasandutsa munda. Akadatero munthu wina ndikadangopukusa mutu, koma Mmalawi kuopseza Mmalawi mnzake ndi mapepala, pa ndalama zomwe wamudyera, zimenezo zandiwawa kuposa usiku wa pa Van Reenen's.

Ndiye imvani. Mapepala anga ali bwino, a ambiri m'gulu lathu alinso bwino, ndipo lamulo loteteza ogula likunena za munthu wogula, silikunena za mtundu wake. Amene akuchita mantha tawauza kuti asavutike, tiimirira ndife. Voisi notiyo tasunga. Tasunganso zithunzi za malonda anu musanawafufute, umboni wa kubanki wosonyeza dzina la mwini akaunti, marisiti a pa mageti a N3, zithunzi za fulati ija, ndi kalata yomwe a hotelo anatilembera yotsimikiza tsiku limene zipinda zanu zinabwezedwa pa msika. Pa tsamba lanu palinso chizindikiro cha ASATA, bungwe la makampani a maulendo. Tawalembera kuwafunsa ngati mulidi mamembala awo, yankho lawo ndidzaliika pansi pa uthengawu.

Kwa anzanga amene mukuwerenga, ndaona kuti kampaniyi yayamba kale kutsatsa ulendo wa pa Isitala, chithunzi chomwechija, malo asanu ndi atatu omwewaja. Musanatumize ndalama kwa aliyense, funsani dzina la hotelo ndi nambala ya buking'i, muimbire hoteloyo nokha pa nambala yomwe mwaipeza nokha pa intaneti, muwafunse ngati zipinda zalipiridwa. Wokana kukuuzani dzina la hotelo alibe hotelo. Ndipo ngati munakwera nawo ma Quantum aja, kapena anakuchitani zomwezi ulendo wina, ndilembereni, tikulemba maina.

Zomwe tikufuna kwa inu a kampani ndi izi. Mubweze ndalama zonse kwa aliyense amene analipira, osati theka, osati vocha, mu akaunti zomwe zinachokera. Mubweze za pa mageti ndi za malo ogona omwe tinadzilipirira. Muchotse malonda a Isitala mpaka mutaonetsa poyera kuti zipinda mwalipira. Ndipo achimwene a voisi noti aja apepese kwa mayi amene anawaopseza, pa gulu lomwelo lomwe munatsatsirapo malonda.

Makalata okufunsani ndalama tikubweretsa pamanja Lolemba, banja lililonse yakeyake, pa ofesi yomwe tapeza kuti mumagwirirapo ntchito m'tauni. Kuyambira tsiku limenelo muli ndi masiku 14, monga mmene imanenera ndondomeko ya Small Claims Court, khoti la milandu ya ndalama zochepa. Khoti limeneli silifuna loya, munthu umadziyankhulira wekha. Masikuwo akakwana musanalipire, tikakumana kumeneko, madandaulo ena tikapereka ku National Consumer Commission, bungwe la boma loteteza ogula, ndipo dzina la kampani yanu ndidzalilemba pamwamba pa uthenga uno.