Kalata ya abusa: za agogo athu amene tawaperekeza sabata yatha

Okondedwa mwa Ambuye, akhristu nonse a pampingo pathu pano, komanso inu amene muli ku Joni, ku Harare, ku Lilongwe ndi kwina konse amene mumatitsatira pa gulupu ya WhatsApp, mtendere ukhale nanu.

Ndati ndikulembereni chifukwa kumanda kuja nthawi inatichepera, mvula inali itayamba kale kuopseza ndipo adzukulu amafuna amalize ntchito kusanade, ndiye zambiri zinanditsalira kukhosi. Poyamba zikomo amayi a Mvano, munagona pasiwa kuimba mpaka mbandakucha, zikomo achinyamata amene munatunga madzi ndi kuwaza nkhuni, ndi nonse amene munatumiza chipepeso pafoni. Banja lalandira zonse ndipo alembi a mpingo analemba m'kaundula.

Agogo athuwa palibe amene samawadziwa. Mlendo akangoimirira m'tchalitchi kuti alonjeredwe, potuluka amapeza agogo akumudikira pakhomo ndi ndodo yawo, ndinu mwana wa yani, kuchikazi kwanu nkuti, mfunda wanu ndi chani, ndipo munthu akangoyankha kawiri katatu basi amuuza kale kuti agogo anu aakazi anakwatiwa mudzi wakuti, ife ndi inu ndife amodzi. Sukulu sanapite nayo patali koma mbumba yonse inali m'mutu mwawo. Amene munawapezapo akutong'ola chimanga pakhonde mukudziwa mmene amachitira, amatenga njere nkumaziyala pamphasa imodziimodzi, iyi ndi mayi amene anachoka ku Mozambiki nkudzakhala m'maesiteti a ku Thyolo nthawi ya thangata, izi ndi ana awo, uyu anamwalira ali kumsana, uyu ndiye anabereka ife. Ukati wasuntha njere imodzi amaibwezera pamalo pake, ayi mwanawe, ameneyo ndi wa bere lina.

Njala ya 1949 inawapeza ali kamtsikana kotha kale kubereka mwana kumsana. Amafotokoza mmene azibambo ambiri a kuno kummwera anachokera pakhomo nkumati akukasaka chakudya, ena osabwereranso, amayi nkutsala ndi ana akudya madeya ndi mizu ya kutchire. Chimene chimandikhudza ine nchakuti ana amene anafa chaka chimenecho, ena oikidwa mwakachetechete opanda ndi nyimbo yomwe, agogo amawatchulabe mayina mpaka chaka chino. Amati munthu amene wabadwa m'banja mwathu sangasowe pomuwerengera.

Mlongo wawo wamwamuna anapita ku Halale kukagwira ntchito, mukudziwa mmene anthu amapitira masiku amenewo, ena ku Rhodesia ena ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, mpaka pamene ndege yonyamula ogwira ntchito kumigodi inagwa ku Francistown mu 1974 ndipo Kamuzu analetsa zotumiza anthu kumigodi. Mlongo wawo uja anachona. Koma agogo anasunga envulopu yake yomaliza m'kachitini ka mabisiketi pamodzi ndi khadi lawo la mgonero, yothethekathetheka m'mbali, ndipo zidzukulu zake zitabwera kuchokera ku Mbare kudzafunafuna kwawo kwa agogo awo, Chichewa chake chosakaniza ndi Chishona, amene anazilandira nkuzilozera pamene panali nyumba ya makolo awo anali agogo omwewa. Mudzi wonse unali utaiwala.

Pano ndinene mosabisa. Ndamvapo achinyamata ena akuti zowerenga makolozi ndi zamizimu, mkhristu azidule zonse za kumtundu. Ana anga, agogowa sanathirepo nsembe patsinde pa mtengo, amakumbukira anthu awo basi, ndipo kukumbukira si kupembedza. Tsegulani Mateyu chaputala 1 muone kuti Chipangano Chatsopano chikuyamba ndi mndandanda wa mayina, ndipo muli Tamara, muli Rahabi, muli Rute mkazi wachilendo wa ku Mowabu, Mulungu sanachite nawo manyazi. Paulo polembera Timoteo pa 2 Timoteo 1:5 akutchula agogo ake aakazi a Loisi ndi amayi ake a Yunike kuti chikhulupiriro chinayambira mwa iwo. Nanga ifeyo tikhale anthu osadziwa ndi dzina lomwe la amene anabereka amayi athu?

Ndipo nzeru zawozi zimagwira ntchito. Ankhoswe asanavomereze chinkhoswe amayamba adutsa kwa agogo, ndipo alipo anyamata amene anauzidwa kuti ameneyo mlekeni ndi mlongo wanu, zinawawa koma zinathandiza. Pamilandu ya malire a minda amfumu amawatumira uthenga kuti adzanene amene anayamba kulima pamenepo. Lero tikafunsa ndani?

Pempho langa ndi ili. Okalamba atsala ochepa pampingo pano, pitani mukakhale nawo pansi mwezi uno usanathe. Gulani kope, lembani kuchikazi ndi kuchimuna komwe, mayina, midzi, kumene anachokera, amene anachona, kapena ingotsegulani foni muwajambule mawu akufotokoza okha. Inu a kunja musamangoimba kufunsa ngati ndalama yafika, afunseni amayi anu za makolo awo, ndipo ana anu obadwira kumeneko amve nawo.

Kwa a banja, munda ndi nyumba zisakugawanitseni. Agogo anatha moyo wawo wonse akulumikiza anthu, zingakhale zamanyazi kuti timve kuti mwatengerana kwa amfumu chifukwa cha malata ndi mbuzi. Mwini mbumba aitane onse, ana amasiye amene amaleredwa pakhomopo aganiziridwe poyamba, ndipo kumbukirani kuti kulanda katundu wamasiye ndi mlandu pa lamulo la 2011. Za chiliza musathamange mpaka kukalowa nazo m'katapila, dikirani mukolole.

Lachinayi likudzali amayi a Mvano akacheza kunyumba ya malemu, amene angathe atengeko kaufa kapena shuga. Akulu a mpingo tidzakumane Lamulungu tikatuluka m'mapemphero kuti tigawane makomo a okalamba otsalawo, aliyense adziwe kumene akayambire kulemba.

Ambuye atonthoze mitima yanu nonse.

Ine mbusa wanu.