Kalata Yochokera ku Durban: Musagulitse Chimanga Chonse

Durban, Juni 2025

Okondedwa Amayi ndi Achimwene,

Landirani moni wanga nonse kumudziko, pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Ine kuno ndili bwino ndipo ntchito yaulonda ikuyenda. Ndamva kuti chaka chino mvula inakukomerani mtima moti mwakolola matumba 55, ndiponso kuti achimwene mukuganiza zogulitsa matumba 30 kwa ogula oyenda ndi masikelo m'midzi kuti mugule njinga yamoto. Pa foni nkhani imeneyi sindingaimalize, n'chifukwa chake ndalemba kalata, ndipo ndikupempha kuti iwerengedwe amalume ali pomwepo.

Pali zinthu zimene ndinaona kuno zomwe sindinakuuzeni poopa kukudetsani nkhawa. Mu Julayi 2021, mtsogoleri wakale wa dziko lino la South Africa, Jacob Zuma, atatsekeredwa m'ndende, kunabuka chipolowe m'zigawo za KwaZulu-Natal ndi Gauteng, ndipo anthu oposa 300 anataya miyoyo. Masitolo anathyoledwa, nyumba zosungira katundu zinatenthedwa, ndipo msewu waukulu wa N3 wochokera ku Johannesburg unatsekedwa, malole osadutsa. Malipiro anga anali ku banki, koma makina otulutsira ndalama anali ataphwanyidwa, ndipo ngakhale amene anali ndi ndalama m'manja analibe kokagula. Tsiku lachitatu ndinaima pa mzere wa buledi kuyambira tambala woyamba kufikira dzuwa litafika pamutu, ndipo patsogolo panga panali bambo wina wovala bwino, makiyi a galimoto ali m'manja, akufunsa aliyense misozi ili m'maso ngati akudziwa kumene angapeze mkaka wa khanda lake. M'chipinda chathu tinali anthu anayi, tili ndi kapaketi kamodzi ka ufa ndi theka la kabichi. Anatipulumutsa ndi mayi wina wa ku Malawi amene tinkakhala naye pafupi, yemwe anali ndi thumba la mbatata zamalonda n'kutigawira osawerengera. Masiku amenewo ndinazindikira kuti munthu wa m'tauni amadya zimene lole yabweretsa dzulo, ndipo lole ikaima kwa sabata imodzi, njala imalowa ngakhale m'nyumba za mpanda.

Usiku ndinkadzitonthoza poganiza kuti kwathu zotere sizingachitike, chifukwa kuli nkhokwe, dimba, nkhuku ndi chitsime. Chaka cha 2024 chinandisonyeza kuti mudzi nawo wafooka kuposa momwe ndinkaganizira. Inu mukudziwa bwino kuposa ine mmene chimanga chinapserera chili pafupi kumasula, kufikira Pulezidenti wathu wa Zambia, Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chimenecho ndi tsoka la dziko lonse, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga atawonongeka. Madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba magetsi ankazima mpaka maola 21 pa tsiku, ndipo chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti ndalama zimene ndinkatumiza zinkangokhala mu foni yozima, inu achimwene mukupalasa njinga kupita ku Katete kukafuna potchajira. Chigayo cha magetsi chinaima, ndipo amayi pa msinkhu wanuwo munatulutsanso mtondo ndi munsi. Ndinamva chisoni, komabe ndinayamika kuti mtondowo munali musanautaye.

Amayi, mumatiuza kawirikawiri za njala ya 1992, pamene munadya nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja. Mumanena kuti mabanja amene anapirira anali aja olima mawere, mapira ndi chinangwa pambali pa chimanga, ndi aja osunga mbewu yamakolo pamwamba pa moto kuti utsi uziiteteza ku anankafumbwe. Lero munda wathu wonse wadalira mbewu yogula chaka ndi chaka, imene siibereka bwino ukaibzala kachiwiri, ndi feteleza wobwera pa malole kuchokera kutali. Sindikunyoza mbewu imeneyo, pakuti ndi yomweyo yadzaza nkhokwe chaka chino. Koma vuto lalikulu litagwa n'kukhalitsa zaka ziwiri kapena zitatu, misewu n'kutsekeka monga ndinaonera kuno, tingakhale ndi munda ndi makasu koma tilibe chobzala.

Achimwene, ndikupempha kuti tiwerengere pamodzi. Pakhomo pali anthu 8, ndipo thumba la makilogalamu 50 limatha m'masabata awiri, kutanthauza matumba 26 pa chaka. Mukagulitsa 30 mutsala ndi 25, amene sakufika n'komwe kukolola kwina, ndipo sitinawerengere maliro, alendo, aganyu opalira, kapena azakhali athu amasiye amene ufa ukawathera amabwera ndi lichero pakhomo pathu ndipo sitingawabweze. Mukudziwanso kuti chimanga chimene mungagulitse motchipa mu Juni mudzachigula pa mtengo wokwera mu Januwale kwa anthu omwewo. Gulitsani soya ndi mpendadzuwa, koma chimanga musunge matumba osachepera 40, makamaka m'matumba aja osalowa mpweya, amene ndalama yake ndatumiza kale. Kumunda wakumtunda kuja, kumene chimanga sichichita bwino, mubzaleko chinangwa mvula ikayamba, chifukwa icho chimadikira m'nthaka osafuna nkhokwe. Alamu anga apitirize kufutsa chibwabwa ndi masamba a khobwe pamene akadalipo, ndipo chitsime cha kudimba chikumbidwenso mozama dzuwa la Okutobala lisanafike, anyamata a mabanja onse otunga pamenepo atathandizana.

Chinthu china chimene chikundivuta kulemba n'chakuti musandiwerengere ine ngati nkhokwe yanu yachiwiri. Mukukumbukira kuti dziko lino litatsekedwa pa 27 Malichi 2020 chifukwa cha COVID-19 ndinakhala miyezi itatu osatumiza kalikonse, ndipo malire atatsekedwa sindikanatha ngakhale kubwerako. Ndine mlendo kuno, ndipo zinthu zikavuta mlendo ndiye amayamba kuchotsedwa ntchito.

Za njinga yamoto sindikukana, chifukwa ndikudziwa mmene mumavutikira kunyamula tomato kupita naye ku Chipata, ndiponso amayi akadwala usiku ingathandize. Ndalowa chilimba ndi anzanga a kuntchito ndipo gawo langa lidzatuluka mu Disembala. Ndalama yonseyo ndidzaika pa njingayo, inu mudzawonjezere ya soya. Ndatumizanso kabokosi pa basi yopita ku Lusaka, momwe muli nyale ya sola yotchajiranso foni ndi bulangete la amayi, ndipo msuweni wathu adzakabweretsa pobwera ku mwambo wa Kulamba mu Ogasiti. Amalume akamva kalatayi mundiuze zimene anena, ndiponso mundidziwitse ngati pali banja m'mudzimo limene likadali ndi mbewu ya mawere kuti tigule ngakhale meda imodzi.

Ndine mwana wanu ndi mng'ono wanu,
wa ku Durban