Kandege kaja ndakasintha chibwano

Chitakale, Mulanje

Achimwene,

Kaphukusi kaja kanandipeza. Bokosi linaphwanyika pakona m'basi, koma zam'kati zonse zili bwinobwino, zikomo kwambiri. Kuno chiperoni chatigwira sabata yachiwiri tsopano, phiri sitikuliona n'komwe, ndiye ndikaweruka madzulo ndimangokhala patebulo ndi Hurricane munatumizayo, ndege yankhondo yaing'ono yapulasitiki yolumikiza wekha ija.

Musakwiye, sindinaimange monga momwe opanga ake a Airfix anajambulira pabokosi. Yapabokosiyo ndi ya nkhondo ya m'mlengalenga ya ku Britain ya 1940. Ine mtima unapita kwa agogo aamuna aja, mukukumbuka momwe ankatisimbira pakhonde za ku Abyssinia (Ethiopia wa lero), ali msilikali wa KAR, gulu la asilikali la atsamunda lija, akulimbana ndi Mataliyana? Mu 1941 ma Hurricane ankaulukanso kumeneko, oyendetsa ake ochokera ku South Africa komwe mulikoko. Ndinati ndipange imene mwina inadutsapo pamutu pa nkhalambayo.

Kusiyana kwake kuli pansi pa mphuno. Injini yake ya Merlin imakoka mpweya chapansi, ndipo pa mabwalo a fumbi a ku Africa inkameza mchenga n'kutha msanga. Choncho anaiika sefa yaikulu ya Vokes, chibwano chotupa ngati cha munthu wodwala dzino. Inkachepetsako liwiro la ndege, koma injini inkakhalitsa. M'bokosi mwanu sefayo munalibe.

Apa ndiye panali ntchito. Pa sikelo ya 1/72, mapiko a mamita 12 amangokhala masentimita pafupifupi 17, ndiye ganizani kuchepa kwa kasefako. Ndinadula tizidutswa ta chivindikiro cha kontena ya majarini, n'kutimata tinayi pamodzi, koma guluu wa pulasitiki anakana kugwira. Pulasitiki yake ndi yamtundu wina, siisungunuka. Ndinataya usiku wonse. Mawa lake ndinatenga timitengo tomwe tizidutswa ta ndege timabwera titalumikizidwapo tija, n'kutimata mtolo, n'kuyamba kusema ndi lezala. Yoyamba inatuluka ngati mbatata. Yachiwiri ndinaipala mopitirira. Yachitatu ndi imene ili pandegepo, ndipo mpata wotsala ndinatseka ndi supa gulu wosakaniza ndi soda wophikira, n'kukwecha ndi sandipepa wonyowa. Kumbuyoku ndinkakwecha mwamantha, chifukwa Hurricane thupi lake chakumchira linali lokutidwa ndi nsalu, ndipo timizere ta nthiti zake ukatifafaniza basi wapanga ndege ina.

Waya wa wailesi ndinapanga magetsi atazima. Ndinatenthetsa kamtengo ka pulasitiki pa kandulo n'kukakoka mpaka kanaonda ngati tsitsi. Mayi a kunyumba anangoti, "Bambo, zaka zonsezi mukadali pa magalimoto a mawaya?" Sindinawatsutse. Paja inu ndi ine tinayambira pomwepo, kutola mawaya m'mbali mwa minda ya tiyi.

Penti ndiye wandisautsa. Ndi chinyezi chino, Humbrol sakuuma ngakhale patapita masiku awiri, ndipo chala changa chinadinda pa phiko lamanzere ngati ndikuvota. Ndadikira dzuwa kuti ndipalenso.

Tsono pempho langa nali. Zizindikiro zozungulira za m'bokosi zili ndi kadontho kofiira pakati, za a Britain. Ndege za a South Africa kadonthoko kanali ka olenji. Mukapita kusitolo ija, mundifunsireko timapepala ta zizindikiro zimenezo ta 1/72, kapena kachitini kamodzi ka penti wa olenji, ndidzadontheza ndekha ndi nsonga ya machesi. Muikemonso burashi yaing'ono kwambiri, yanga ija mwana wanga wamng'ono anapentera nayo galu wake wadongo.

Nanazi zikayamba ndidzakutumizirani wina akamabwera. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa ku Chitakale