Za katundu wotulutsa radiation pa msewu wa M1

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa katundu wotulutsa radiation (mphamvu yosaoneka imene ingavulaze thupi) amene amadutsa m'malire a dziko lathu. Ife a ku Mzuzu nkhaniyi ikutikhudza chifukwa msewu wa M1 wadutsa pakati pa mzinda wathu. Kuyambira 2009 mpaka 2014, yureniyamu wa ku mgodi wa Kayelekera ku Karonga ankapita pa magalimoto kudzera ku Zambia mpaka ku doko la Walvis Bay ku Namibia, ndipo mgodiwo wayambanso ntchito m'manja mwa Lotus Resources.

Malamulo alipo. Tili ndi Atomic Energy Act ya 2011 ndi bungwe la boma la AERA (Atomic Energy Regulatory Authority) lopereka zilolezo za katundu wotere. Pangano la Bamako la 1991 limaletsa kulowetsa zinyalala zoopsa, monga zotulutsa radiation, mu Africa kuchokera kunja, ndipo linabwera anthu ataona zinyalala zapoizoni za ku Italy zitatayidwa ku Koko, ku Nigeria, mu 1988. Koma lamulo silingathandize ngati wogwira ntchito pa chipata cha Songwe alibe makina oyezera. Radiation sioneka, sinunkha.

Malamulo a IAEA, bungwe la padziko lonse loona za mphamvu ya nyukiliya, amafuna chikwangwani cha nambala 7 (chizindikiro cha katundu wotulutsa radiation) pa galimoto ndi nambala ya katunduyo. Ufa wa yureniyamu ndi UN2912, ndipo umaikidwa m'madiramu achitsulo a malita pafupifupi 200, omangidwa zolimba mu kontena. Makina oyezera asapitirire 2 mSv (muyeso wa radiation) pa ola pambali penipeni pa galimoto, kapena 0.1 mSv pa ola munthu ataima mamita awiri. Kuyeza n'kwa mphindi zochepa chabe.

Ngozi yaikulu ya ufawu ndi kuupuma kapena kuumwa m'madzi, chifukwa umawononga impso. Galimoto ikagubuduzika pa Chiweta nthawi ya mvula, oyamba kufika ndi anthu a m'mudzi ndi apolisi, ndipo tikudziwa momwe anthu amathamangira kukatola katundu pangozi. Ofika atalikitse anthu mamita osachepera 25, aime kumene mphepo ikuchokera, afunditse ufawo ndi lona, atchinge ngalande ndi dothi. Asathirepo madzi, chifukwa madziwo atsetserekera ku nyanja. Kodi ozimitsa moto a mu mzinda wathu anayesererapo zimenezi?

Choopsa kuposa madiramu ndi tizitsulo ting'onoting'ono totulutsa radiation totha ntchito, monga caesium-137 wa m'makina oyezera kulimba kwa dothi pomanga misewu. Mwini wake ayenera kutibweza kumene anagula, dziko lolandira litavomera kaye. Makinawo akasiyidwa m'nyumba yosungiramo katundu, amathera kwa ogula zitsulo zakale. Ku Goiânia, ku Brazil, mu 1987 anthu anayi anafa motere, ataphwanya makina a chipatala chosiyidwa.

Masiku ndi maola a ulendo asaulutsidwe, chifukwa akuba nawonso ali ndi makutu. Koma pakutha pa chaka AERA ifalitse, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, chiwerengero cha makontena amene adutsa, zipata zimene adzera, zotsatira za kuyeza ndi ngozi zimene zachitika. Lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, likutipatsa ufulu wofunsa zimenezi. Makhansala a Mzuzu, Rumphi ndi Karonga alembe kalata yofunsayo, ndipo mafumu a m'mbali mwa M1 apatsidwe nambala ya foni yoimbapo usiku ndi usana.

Wowerenga wanu,
Mzuzu