Kalata kwa Anaphiri ku Glasgow: za mawu a Chingerezi onenera zinthu zochepa

Okondedwa Anaphiri,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse a m'nyumba mwanu. Kuno ku Zomba tonse tili bwino. Ndalemba kuti ndiyankhe funso lanu lija lokhudza mawu a Chingerezi amene anthu a kumeneko ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland, amanenera zinthu zochepa, popeza mwati pa ntchito yanu yosamalira okalamba mumawamva kuyambira m'mawa mpaka usiku, koma nthawi zina simudziwa ngati wolankhulayo akudandaula kapena wakhutira. Funsoli ndaliganizira kwambiri, chifukwa pa ntchito ngati yanuyo kumva molakwika mawu amodzi kungachititse kuti munthu wodwala asalandire thandizo pa nthawi yake.

Ndiyambe ndi pamene pagona nkhani. Munthu akanena kuti "She has few visitors", ndipo wina n'kunena kuti "She has a few visitors", onse awiri akhoza kukhala kuti akunena za alendo atatu omwewo, koma maganizo awo ndi osiyana. Woyambayo akudandaula kuti gogoyo sachezeredwa mokwanira, pamene wachiwiriyo akusonyeza kuti omuchezera alipo ndithu ndipo palibe chodetsa nkhawa. Ifenso timasiyanitsa chimodzimodzi tikamati "alendo ake ndi ochepa" ndi "ali ndi alendo angapo", kungoti kwa iwo kusiyana konseku kwasenzedwa ndi kachilembo kamodzi ka "a", komwe pakamwa pa munthu wolankhula mofulumira sikamveka bwino. N'chimodzimodzinso ndi "little" ndi "a little". Mnzanu wogwira ntchito usiku akakuuzani m'mawa kuti "He ate little", akukuchenjezani kuti bamboyo sanadye mokwanira ndipo mumuyang'anitsitse. Akati "He ate a little", akukulimbitsani mtima kuti wadyako. Ngati simunamve bwino, funsaninso popanda manyazi kuti wadya chiyani ndipo wasiya chochuluka bwanji m'mbale.

Lamulo lomwe timaphunzitsa ana a sekondale lija likadali lomwelo: "few" amayenda ndi zinthu zowerengeka monga mabisiketi, masiku ndi anthu, pamene "little" amayenda ndi zosawerengeka monga madzi, shuga ndi nthawi. Chovuta n'chakuti zinthu zina zomwe ife timaziona ngati zowerengeka, Chingerezi chimazitenga ngati zosawerengeka. Ife timati malangizo angapo, mipando ingapo, nkhani zingapo, choncho lilime limathamangira kunena "a few advices" kapena "a few furnitures", zomwe kumeneko sizinenedwa. Mawu monga "advice", "information", "furniture", "luggage" ndi "news" salandira "a few", ndipo mukafuna kutchula chimodzi mumati "a piece of advice" kapena "a bit of news". Ngakhale ndalama, zomwe aliyense amaziwerenga, zimanenedwa kuti "a little money", koma mapaundi ake ndiwo amati "a few pounds".

Pali mawu ena omwe amatembenuza tanthauzo lonse. "Quite a few" satanthauza zochepa ayi, amatanthauza zochuluka ndithu, kotero kuti namwino akanena kuti wokalamba wina wagwapo "quite a few times" mwezi uno, akunena nkhani yaikulu. "Only a few" amabwerera ku dandaulo lija, ndipo "hardly any" ndiye kuti chinthucho chatsala pang'ono kutheratu. Ndipotu m'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku mudzamva "hardly any" ndi "not many" kawirikawiri kuposa "few" wopanda "a", yemwe amapezeka kwambiri m'zolembedwa.

Za m'khitchini sindikukayika kuti muzigwira msanga, chifukwa zikufanana ndi kalankhulidwe kathu. Ife tikafuna kuchepetsa chinthu timati timadzi, kamchere, tishuga, ndipo iwo, posowa njira imeneyi, amabwereka dzina la kamuyeso: "a drop of milk", "a splash of water", "a pinch of salt", "a handful of nuts". Gogo akakuuzani kuti "just a drop" pamene mukumukonzera tiyi, sakunena dontho limodzi lenileni, akufuna mkaka wongosintha mtundu wa tiyiyo pang'ono. Njira yabwino ndi kuima pafupi naye, kapu ili patebulo pomwe akuiona, n'kunena kuti "Say when" uku mukuthira pang'onopang'ono, ndipo iye adzakuimitsani yekha mkaka ukafika pomwe amakonda. "A couple of" kwenikweni ndi ziwiri, ndipo pa mabisiketi perekani awiri, koma munthu akati abwera pakatha "a couple of minutes" musayang'ane wotchi. Pa mankhwala pokha ndikupemphani kuti mawu onsewa muwasiye pakhomo. Supuni wamba yoyezera mankhwala ndi mamililita 5, ndipo polemba za madzi omwe wodwala wamwa lembani nambala, osati "a little".

Tsopano ndifike pa "a bit", yemwe ndikuona kuti ndiye wakusokonezani kwambiri, ndipo kwa anthu a ku Scotland amakhala "a wee bit", poti "wee" ndi mawu awo otanthauza chaching'ono. Mawuwa nthawi zambiri sanena za kuchuluka kwa chinthu, amangofewetsa zomwe munthu akunena. Anthu a ku Britain, makamaka achikulire, sakonda kuoneka ngati akuvutitsa ena kapena akukuza nkhani, choncho ululu waukulu amautchula ndi mawu ang'onoang'ono. Mayi wa zaka 85 akakuuzani kuti "My hip is a wee bit sore", uku dzanja lagwira chogwirira cha mpando ndipo akuzengereza kuimirira, khulupirirani dzanjalo ndi nkhope yake kuposa mawuwo. Akanena kuti "I had a bit of a fall", ndiye kuti anagwa, ndipo muyenera kuuza namwino nthawi yomweyo. Ifenso timachita zofananazo, poti munthu wogona pamphasa amayankha kuti "ndiliko pang'ono" pamene thupi lonse likuphwanya, ndipo inu amene munakulira pakati pa agogo kumudzi luso lomva mayankho otere muli nalo kale. Chimene chatsala ndi kulisamutsira m'chinenero chinacho.

Kufewetsa komweku mudzakumana nako kwa akuluakulu a pantchito. Bwana akati "We have a bit of a problem" kapena "Can I have a wee word?", musaganize kuti nkhaniyo ndi yopepuka chifukwa cha mawuwo, ikhoza kukhala yopepuka, ikhozanso kukhala yolemera, ndipo mudzadziwa mukakhala pansi. Inunso mukhoza kuwagwiritsa ntchito mawuwa pofuna kudandaula mwaulemu, monga kunena kuti chipinda chili "a bit cold" m'malo mongoti n'chozizira. Dziwani kuti "a bit" amakonda kuyenda ndi mawu onena zosakondweretsa, monga kutopa, kuchedwa ndi kudula, kotero "a bit tired" ndi "a bit late" zimamveka bwino, koma kuuza munthu kuti chakudya chake chili "a bit nice" kumamveka kwachilendo. Koma mukamapereka lipoti la wodwala musafewetse kalikonse. Ngati mwaona bala, nenani kuti pali bala, kukula kwake ndi malo ake, chifukwa amene adzawerenge zolemba zanu sanaione nkhope ya wodwalayo.

Za "less" ndi "fewer", mawu onena kuti chinthu n'chocheperapo poyerekeza ndi china, musadandaule nazo kwambiri. Lamulo limati "fewer" ndi wa zowerengeka ndipo "less" ndi wa zosawerengeka, koma eni chinenerocho amalilumpha tsiku ndi tsiku, mpaka mu 2008 sitolo zikuluzikulu za Tesco za ku Britain zinasintha zikwangwani zolembedwa "10 items or less" n'kuika "up to 10 items" anthu atadandaula za galamala yake. Polemba tsatirani lamulolo, koma polankhula palibe amene adzakuimitseni.

Ndikupemphani kuti mukamva chiganizo chomwe chakusiyani m'malere, muchilembe monga mmene chanenedwera, pamodzi ndi amene wachinena ndi zomwe zimachitika pa nthawiyo, popanda kutchula dzina la munthu, ndipo munditumizire m'kalata yotsatira kuti tidzachione limodzi. Ndifunitsitsa makamaka za kalankhulidwe ka ku Glasgow, chifukwa mabuku omwe tili nawo kuno sakafotokoza. Mupereke moni kwa bambo a kunyumba ndi ana onse.

Ine mnzanu,
Nabanda