Ana athu a ku Mulanje sadziwa Malawisaurus

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera m'nyuzipepala yanu. Ndine mphunzitsi wa sitandade 7 kuno ku Mulanje. Mwezi watha mtsikana wina wa m'kalasi mwanga anandibweretsera mapale atatu m'kajumbo ka shuga, okhala ndi timizere tokongola cha kukamwa kwake. Anati anawatola pa dzenje limene amalume ake amaumbirapo njerwa. Loweruka ndinapitako, koma ndinapeza dothi lonse litapondedwa kale, njerwa zili pa dzuwa. Amalumewo anandiuza mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, zinatuluka zambiri, ndi mafupa omwe, koma tinakataya kumtsinje. Nanga tikanatani nazo?" Mtima unandipweteka, komabe sindinawadzudzule. Palibe amene anawauzapo.

Lolemba ndinafunsa ana ngati anamvapo za Malawisaurus. Kalasi yonse inangoti zii. Chonsecho chinyama chachikuluchi, cha khosi lalitali, cha mtundu wa dinosaur, zinyama zimene zinatha kalekale, n'chathu. Mafupa ake anapezeka ku Karonga m'zaka za m'ma 1920, dzinali linaperekedwa mu 1993, ndipo chifaniziro cha chigoba chake chaimikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga imene inatsegulidwa mu 2004. Ku Uraha, m'boma lomwelo, mu 1991 kunapezeka nsagwada ya munthu wakale ya zaka zoposa 2 miliyoni. Nditawauza kuti amene anatcha dzina chinyama china, Karongasaurus, mu 2005 ndi mayi wa ku Malawi konkuno, Dr Elizabeth Gomani, mtsikana uja anandifunsa kawiri ngati ndikunena zoona.

Ndikudziwa kuti phiri lathu ndi mwala umene unasungunuka pansi pa nthaka n'kuuma, choncho sitiyembekezera mafupa a dinosaur pa Sapitwa. Koma mapale, mikanda ndi mafupa zimatuluka m'nthaka yathu, makamaka m'zigwembe zimene namondwe Freddy anang'amba mu 2023. Chinthu chakale chikachotsedwa pamalo pake, nkhani yake yathera pomwepo, chifukwa akatswiri amawerenga dothi limene chinagonamo ndi kuya kwake. Ndipo ndani akudziwa, mwina mafupa aja anali a makolo athu.

Ku Karonga n'kutali, ndipo makolo othyola tiyi sangapeze ndalama ya basi yoti ana akafikeko. Ndikupempha a nthambi ya boma yoona zinthu zakale kuti azitiyendera m'masukulu ndi mafupa ojambulidwa kapena oumba, oti mwana agwire ndi dzanja lake. Akhalenso pansi ndi mafumu, oumba njerwa ndi okumba mchenga, awauze m'Chichewa ndi m'Chilomwe kuti lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zotere, komanso kuti munthu akazipeza asiye kukumba, ajambule ndi foni, akauze amfumu.

Mapale atatu aja ndawakulunga m'nsalu, ali m'kabati ya kalasi, pamodzi ndi kapepala kamene mtsikanayo analembapo tsiku ndi malo amene anawatola.

Mphunzitsi wodandaula,
Mulanje