Madzi oyera m'maso angakhale ndi kolera

A Mkonzi,

Mvula yamasiku ano ikumagwa ndi ukali, monga tinaonera kuno ku Mulanje ndi namondwe wa Freddy mu 2023. Mtsinje wa Ruo kapena wa Muloza ukasefukira, madzi amakokolola zimbudzi n'kuthira zonyansa m'zitsime. Pakapita masiku madziwo amayera, koma tizilombo ta kolera timatsalamo.

Pofuna kupha tizilomboti, tithire kachivundikiro kamodzi ka WaterGuard, mankhwala a kolorini, m'ndowa ya madzi ya malita 20, titakase, tidikire mphindi 30. Madzi amatope tiyambe tasefa pa nsalu yochapa bwino, chifukwa dothi limafooketsa kolorini. Ambiri amalakwa pomaliza: amatunga ndi kapu yogona pansi, zala n'kuviikamo, madzi aipanso.

Chimbudzi chatsopano chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, mamita 30 kapena kupitirira.

Wowerenga,
Chitakale, Mulanje